Ndolo za Nyanga ya Ng'ombe

Tsiku limene Zaida anaika mwamuna wake m'manda, sikunabwere munthu ndi mmodzi yemwe wochokera kwawo. Kunali kutali, ndipo mvula inali itadula msewu wa ku Majaua. Maliro anayendetsa abusa asanu a pa famu ya ng'ombe imene malemu Sidónio ankagwirapo ntchito.

Mwini famuyo, bambo Yonasi, anamumvera chisoni. "Khalani m'kanyumba kanuko, mayi. Muzititsukira zigubu za mkaka."

Anakhaladi. Koma pa famupo panalibe mkazi wina. Abusa akatuluka ndi ng'ombe m'mawa, Zaida ankatsala ndi ntchentche ndi mphepo basi. Masiku ena dzuwa linkalowa asanayankhule ndi munthu.

Kuseri kwa khola kunali mulu wa nyanga zomwe abusa ankadula ku ng'ombe zolusa. Tsiku lina masana anatolapo imodzi, kungoti manja apeze chochita. Ataipala ndi mpeni, pansi pa litsiro panatuluka mtundu wonga uchi, wa mizere yakuda. Anauyang'ana nthawi yaitali.

Anayamba kucheka ndi kachidutswa ka sowo kamene anatola m'shedi. Mabowo ankaboola ndi sipoko ya njinga yowotcha pamoto. Nyanga zambiri zinkang'aluka, zala n'kutuluka matuza, koma iye ankatolanso ina.

Patatha miyezi itatu anamanga ndolo ndi zibangili zake pa kansalu, n'kupalasa njinga mpaka ku msika wa ku Milange. Anayala pansi tsiku lonse. Anthu ankatola, kununkhiza, n'kubweza. Sanagulitse ngakhale chimodzi.

Akulongedza, panaima mayi Tereza, wa sitolo ya zitenje, wobadwira kutsidya kwa malire, ku Muloza.

"Achemwali, ndikuuzeni zoona? Luso muli nalo. Koma izi zikununkha khola. Ndani angavale fungo la ng'ombe kukhutu?"

Zaida anabwerera akulira njira yonse. Kwa masabata awiri nyanga sanazikhudze. Panalibe womuseka, panalibenso womulimbitsa mtima. Ankadzifunsa yekha n'kudziyankha yekha, mpaka anavomera kuti mayi uja sananame.

Anayambiranso. Anawiritsa nyanga m'madzi a phulusa kuyambira m'mawa mpaka masana, fungo linatha. Anatulukiranso kuti nyanga ikatentha imafewa, ndiye ankaikulunga pa botolo kuti chibangili chikhale chozungulira bwino. Ankakwecha ndi mchenga wosalala wa kumtsinje, n'kupaka phula la njuchi mpaka kuwala. Ankalukanso ubweya wa kumchira kwa ng'ombe pamodzi ndi mikanda yofiira, n'kukhala chovala m'khosi.

Chimanga chitauma m'minda, anapitanso ku Milange, molunjika kwa mayi Tereza. Mayiwo ananunkhiza. Kenako anavula ndolo zawo zagolide n'kuvala za nyanga.

"Zonsezi zisiyeni pano. Ndipo mwezi wamawa ndikuoneninso."

Lero amayi odutsa pa malire amafunsa ndolo za nyanga asanafunse n'komwe zitenje. Akwati amaitanitsiratu. Zaida anagula sowo yeniyeni ndi chobowolera, ndipo bambo Yonasi anamupatsa shedi ija kuti azigwiriramo ntchito.

Musaganize kuti kusungulumwa kunatha. Akadali yekha pa famupo, ndipo masana kumakhalabe zii. Koma tsiku lina m'minibasi anakhala moyandikana ndi namwali wosamudziwa, atavala ndolo zimene iye anakwecha masiku anayi.

"Zakukhalanitu. Munagula kuti?" anafunsa Zaida.

"Kwa mayi Tereza. Akuti amapanga ndi mayi wina wa kufamu. Ndikanakonda kumuona, manja akewo ndi odala."

Zaida anabisa zala zake za zipsera m'chitenje, n'kuyang'ana pawindo akumwetulira.

Inu amene mukugwira ntchito yanu kumene kulibe wokuonani, kulibe wokuyamikani: pitirizani. Mawu owawa akakhala oona, atengeni mukonzere ntchito yanu. Kwinakwake kuli munthu amene adzakondwera ndi chimene manja anu akupanga lero. Osataya mtima.