Lilime la a Blasius ndi Mbiya ya Che Lukiya

Amuna anga a Blasius sanali munthu woti n'kumunyadira pa ntchito. Munda wa thonje unkawagonjetsa chaka ndi chaka, ndipo njinga zimene ankakonza pansi pa mtengo wa mango pa Ulongwe zinkabwerera tsiku lachitatu zikulira. Koma lilime! Mulungu anawamana zonse n'kuwapatsa lilime. Akalawa mowa ankatsinzina, n'kuusunga m'kamwa kanthawi, kenako n'kugamula: "Chimera ichi chinayanikidwa pa mphasa yonyowa," kapena, "Mbiya iyi munkasungiramo nyemba." Sankanama ngakhale mowawo ukhale wa apongozi. Wanga, ine mkazi wawo Janet, anaunena pagulu kuti ndi thobwa lokwiya, ndipo ndinawamana ndiwo masiku awiri.

Choncho anthu anadabwa pamene pakhomo pathu panayamba kupezeka mowa wakuda bii, wa thovu lofiirira. Ankati Janet waphunzira. Ndiphunzire kuti ine? Wofulula anali Che Lukiya, mayi wa kuseri kwa mpanda wathu. Amuna awo Che Usumani anatengedwa ndi galimoto ya boma mu 1975 chifukwa cha mawu amene palibe anawamva, ndipo sanabwerenso. Anawasiyira ana anayi. Luso lofulula Che Lukiya analitenga kwa mayi awo ku Chikweo: ankakazinga chimera cha mawere pa phale mpaka chide, osachipsereza.

Vuto linali limodzi. Che Lukiya anali Msilamu weniweni, wosaphonya mapemphero a swala, ndipo mowa wawo sanaulaweko n'kamodzi komwe. Ankafulula chifukwa cha ana, akulira mumtima. Lilime lawo linali a Blasius. Mowa ukapsa, mbiya inkadutsa pa kabowo ka mpanda m'mamawa, bambowo n'kulawa, Che Lukiya ali kuseri kudikira.

"Achimwene, mowawo uli bwanji?"

"Achemwali, utsi wapitirira pang'ono. Ulendo wina muchotse phale msanga."

Umu ndi mmene tinakhalira zaka zinayi, ine ndikuugulitsa ngati wanga. Kumzikiti akanadziwa, mayiyu akanasowa womupatsa moni.

Koma fungo la chimera chokazinga silibisika. Che Chande, tcheyamani wa chipani m'dera lathu, anaona kumene utsi unkachokera. Bambo ameneyu anafunsirapo Che Lukiya kawiri n'kukanidwa, ndipo sankaiwala.

Anabwera Lachisanu lina masana, nthawi imene amuna ankadutsa pa msewu kupita kumzikiti. Anasankha dala, ndikukuuzani. Anali ndi anyamata anayi a Yufi, gulu la achinyamata a chipani, malaya ofiira, zibonga m'manja. Tsiku limenelo mbiya inachedwa kudutsa, moti a Blasius anali asanalawe.

"Mayi," anatero Che Chande atakhala pa mpando wathu wabwino, "anyamata angawa ali ndi ludzu. Koma mwambo mukuudziwa. Wofulula ayambe wamwa, achotse ufiti."

Mwambo umenewo ndi woona: mwini mowa amamwa choyamba kuti alendo aone kuti mulibe chiphe. Ndinatunga chipanda.

"Iyayi, inu ayi. Wanu timaudziwa. Mwini wake weniweni."

Anyamata awiri anazungulira mpanda n'kubwera ndi Che Lukiya, mpango uli kumutu, ufa uli m'manja. Pa msewu anthu anayamba kuima, ena atavala mikanjo yoyera.

"Imwani," anatero Che Chande mofatsa. "Mukakana, ndiye kuti mwathiramo kanthu kuti muphe ana a chipani. Ndipo tonse tikudziwa kuti ndinu mkazi wa yani."

Mukuona msampha wake? Akamwa, achita haramu, tchimo loletsedwa, pamaso pa mzikiti wonse. Akakana, galimoto ija ibwereranso, ana anayi n'kutsala okha. Che Lukiya anayang'ana chipandacho osaphethira. Milomo yawo inkagwedera, ndikhulupirira ankapemphera. Dzanja lawo linayamba kukwera kuti alandire.

Apo ndi pamene amuna anga, munthu woopa ngakhale tambala wa eni, anadzuka.

"Pepani a tcheyamani. Pa Ulongwe pano munthu wamkulu sapatsidwa mowa umene Blasius sanalawe. Mukamwa zoipa, manyazi ndi anga."

Wina m'gulumo anati, "Zoona zimenezo!" Che Chande anali munthu wokonda kutchedwa wamkulu. Anakweza dzanja kuvomera.

A Blasius analanda chipanda chija, n'kumwa, n'kutsinzina. Ndinakhala nawo zaka makumi awiri, nkhope yawo ndinkaiwerenga. Ndinaona nsidze zikukwera, mapewa akutsika. Mowa umenewo unali wabwino kuposa wina uliwonse umene anaulawapo. Anausunga m'kamwa nthawi yaitali.

Kenako analavula. Pthu! Pafupi ndi nsapato za tcheyamani.

"Janet! Ukufuna kundiphetsa? Zinyalala izi ukufuna upatse akuluakulu? Wasasa! Chimera chapserera, ukununkha mphika wa nyemba! Ndinakuuza kuti kufulula si kwako!"

Asanayankhe aliyense, anaiponda mbiya ija ndi chidendene. Phwaa! Mowa wonse wakuda unayenderera m'fumbi mpaka ku khola la nkhuku. Panalibenso choti munthu achotse ufiti.

Gulu linaphulika kuseka, kundiseka ine. "Blasius wakana! Janet wabwerera ku thobwa lake!" Ndani akanatsutsa? Lilime limene silinanamepo linanena kuti wofulula ndine, ndipo mowa ndi woipa. Che Chande anaimirira thalauza litanyowa. Sakanati mowawo unali wabwino, poti sanaulawe, ndipo kuulawa pamaso pa amikanjo aja, Asilamu anzake, sakanayerekeza.

Anyamata ake ndi amene anamaliza nkhani. Anawagwetsa a Blasius pomwepo chifukwa cholavulira pafupi ndi chipani. Mano awiri akutsogolo anatsalira m'matope a mowawo. Ine ndinkakuwa ngati wamisala, ndipo sindichita manyazi kunena kuti tsiku limenelo ndinawakonda bambo aja kuposa tsiku la ukwati.

Che Lukiya sanafululenso. Sabata yotsatira anamanga katundu kubwerera kwawo ku Chikweo. M'mawa wonyamuka ndinamva kukhosomola kuseri kwa mpanda. A Blasius anatuluka akutsimphina, milomo ili yotupa.

"Achimwene," anatero mayiwo motsitsa mawu, "ine sindingadziwe ndekha. Kodi unalidi woipa?"

Amuna anga anagwira mpanda.

"Achemwali, poyamba unkawawa pang'ono ngati mtedza wokazinga bwino. Kenako kunabwera kutsekemera kwa mawere, kofatsa, kosathamanga. Utsi unali kumapeto, pamalo pake. Phale munalichotsa pa nthawi yake yeniyeni."

Kuseri ndinamva akufwenthera.

"Koma munalavula."

"Sikuti wonse," anatero a Blasius. "Mulungu andikhululukire, pang'ono ndinameza."

A Blasius anakhala ndi moyo zaka zina khumi ndi zitatu. Anthu ankabwerabe ndi zipanda kuti awalawire, iwo n'kumangoloza pa mpata wa mano paja, amvekere lilime linatuluka pomwepa.