Mkaka Wosafika pa Mphira

Linali botolo la mankhwala a chifuwa, lagalasi lofiirira, ndipo amayi analimanga mphira wa chubu cha njinga chapakhosi pake. Mphirawo ndiwo unali muyeso. Anamwino a kusikelo anawauza kuti mkaka ukafika pamenepo, mwana akhoza kupirira mpaka iwo ataweruka kuntchito. Masiku onse aja mkakawo sunafikepo ngakhale tsiku limodzi.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Mlongo wanga anali ndi milungu isanu ndi umodzi pamene akapitawo anabwera kumalayini, kunyumba za esiteti kumene tinkakhala, naima pakhomo osagwada n'komwe kuti aone khandalo. Anati masamba a tiyi aphuka ndi mvula, ndipo amene safika m'munda Lolemba, dengu lake apatsa wina. Amayi anali a gulu lolembedwa dzinja lokha, ndiye za tchuthi cha uchembere zinali za ena. Nyumba inali ya esiteti. Bambo anali atapita ku Joni mimba ya mlongo wangayo isanaoneke bwino, ndipo sanaimbepo foni. Lolemba lija amayi anabereka dengu, ine ndinabereka mwana, chikwama changa cha sukulu chinapachikidwa pamsomali.

M'mawa uliwonse, sayirini ya kufakitale isanalire, amayi ankayamba ayamwitsa mwana, kenako n'kukhala pakhomo, kapu yachitsulo pakati pa mawondo, n'kumafinya. Phokoso lake ndimalimvabe, tsii, tsii, pansi pa kapu, kenako madontho, kenako zii. Ankafinya mpaka bere kufiira, nkhope atakwinya. Akathira m'botolo ankalikweza poyera, kuona pamene mkaka walekezera, n'kutsonya. Sayirini ikalira ankathamanga, akumanga mabatani a bulauzi m'njira.

Ine ndinkamumwetsa ndi kasupuni. Ngakhale ndichite kuumira bwanji, dzuwa likafika pamutu botolo linali litauma. Kuyambira pamenepo kunali kulira basi. Ndinkamubereka, kumuzungulitsa layini yonse, kumuika chala m'kamwa. Ankachiyamwa mwamphamvu, akazindikira kuti ndamunamiza ankakuwa kuposa poyamba. Abambo a khomo loyandikana ndi lathu, amene ankagona masana chifukwa cha ntchito ya kufakitale, ankamenya khoma. "Iwe mtsikana, tontholetsa mwanayo!" Ndimutontholetse ndi chiyani, bambo inu? Pachifuwa panga panali nthiti zokhazokha.

Tsiku lina ndinapita naye kumunda. Kunali kutali, kuseri kwa mabulugama, matope mpaka m'akakolo. Amayi ndinawaona ali pakati pa tiyi, pulasitiki m'chiuno, manja onse awiri akuthyola ngati akuthamangitsidwa. Bulauzi yawo inali ndi mabanga awiri aakulu onyowa, ntchentche zikutera. Mwana atalira amayi anatembenuka msangamsanga, koma akapitawo anali atandiona kale. "Kuno si kusikelo," anatero, akundiloza ndi ambulera. Anati kuli njoka, kuli mankhwala opopera, lamulo silola ana. Amayi anaima pamenepo mkaka ukuyenderera m'nsalu, mwana wawo akukuwa mikono makumi awiri kuchokera pamene anaima, ndipo sanasunthe. Ndinabwerera naye wanjala.

Mpaka lero ndikakumbukira ambulera ija ndimapsa mtima. Munthu uja anali ndi ana asanu ndi mmodzi kwake, onse oyamwa mpaka kuyenda. Mphindi khumi zokha pansi pa mtengo zikanagwetsa esiteti?

Koma chimene chimandikwiyitsa koposa chinkachitika madzulo. Amayi ankafika mawere atalimba gwa, akuyenda mopindika ndi ululu, manja atatambasulira kale mwana. Azakhali, alongo awo a bambo, amene ankakhala layini yakumtunda, ankakhala atafika kale kudzawatsekereza. "Alamu, mkaka watandala padzuwawo wasasa. Mukufuna kutiphera mwana?" Ndiye amayi ankapita kuseri kwa nyumba, kugwada, n'kufinyira pansi mkaka woyambawo. Unkatuluka wochuluka, woyera, osachita kuukakamiza ngati wa m'mawa, n'kulowa m'dothi lofiira. Nyerere zinapazolowera pamalopo. Mwana ali kukuwa kumsana kwanga, ife tikudyetsa nyerere! Palibe anaganiza zoutola m'kapu. Azakhali ankamukonda mwanayo, sindikana, koma chikondi chopanda nzeru chinatsala pang'ono kumuika m'manda.

Nzeru yanga inabwera mlungu wachitatu. Amayi atangochoka, ndinatunga madzi mundowa ndi kapu, n'kuthira m'botolo mpaka pamphira penipeni, n'kuonjezera kashuga kotsina ndi zala. Mpopi wa kumalayini unali utafa, madziwo tinkatunga kukhwawa, ndipo m'dzinja ankakhala a mtundu wa tiyi wamkaka. Galasi lofiirira lija linabisa zonse. Tsiku limenelo mwana anamwa mpaka chakumadzulo, mimba tolotolo, nagona. Khoma silinamenyedwe. Ndinadziona ngati munthu wamkulu, wochenjera kuposa amayi amene ankalephera kudzaza kabotolo kakang'onong'ono. Ndinachita zimenezi masiku asanu ndi atatu, osauza munthu.

Lero ndili ndi wanga mwana, ndimagwira ntchito mu ofesi paboma. Ndili ndi kamakina kofinyira mkaka, ndipo masana ndimadzitsekera m'chipinda chosungira mafayilo, nditatsamira chitseko chifukwa loko adathyoka kalekale. Tsiku lina mnzanga wina wamwamuna, poona mabotolo m'kachikwama kanga, anaseka kuti ng'ombe ya pa ofesi yakamidwa. Ndinamuyankha mawu amene sindingawalembe pano. Iye ankaona ngati ndi nthabwala. Sankadziwa kuti akulankhula ndi mwana wa kumalayini.

Mlongo wanga anayamba kutsegula m'mimba tsiku lachisanu ndi chimodzi. Matewera onse anathera pachingwe, osauma chifukwa cha mvula. Liwombo lake linalowa m'kati. Azakhali analimata mankhwala akuda, akuloza amayi kuti mwina tsiku lina anayamwitsa osataya wosasa uja. Amayi ankangomuyang'ana mwanayo, n'kupitabe kumunda, chifukwa akanajomba tikanagona panja tonse. Ine ndinapitiriza kuthira madzi. Ndinkaganiza kuti popeza akutaya zambiri, ndiyenera kumumwetsa zambiri.

Tsiku lachisanu ndi chitatu anasiya kulira. Ndinayamba ndasangalala, kenako ndinaona kuti mutu wake ukungogwera kumbali, maso atalowa, milomo itauma. Ndinathamanga naye kumunda, botolo m'thumba la diresi. Nthawi imeneyi sindinaime patali. Amayi atangomuona anavula dengu, masamba a tsiku lonse osayezetsa n'kukhuthukira m'matope. Akapitawo anakuwa kuti akachoka asabwerenso. Amayi anawayankha m'Chilomwe, chimene ankachilankhula akapsa mtima zenizeni, ndipo azimayi onse m'mizere ija anasiya kuthyola.

Kuchipatala cha esiteti anamupachika pasikelo ya ngowe, yofanana ndi imene ankayezera masamba. Muvi sunapite patali. Anamwino anayang'ana khadi, kuyang'ana amayi, kenako anafunsa chimene mwanayo amadya masana. Ndinatulutsa botolo. Anathira pang'ono m'kambale koyera, ndipo pamenepo zonse zinaonekera: timadzi tolowera kotuwa, tamchenga pansi pake.

"Umu mwathira madzi. Madzi akukhwawa! Wathira ndani?"

Pamabenchi panali azimayi odzaza, onse anatembenuka. Mkodzo unatsala pang'ono kutuluka. Ndinatsegula pakamwa, koma amayi ananditsogolera, osandiyang'ana n'komwe.

"Ndine, anesi. Mkaka umachepa."

Anamwino aja anawasambitsa chokweza pamaso pa anthu onse. Mayi wamkulu ngati inu, kusikelo mumabwera kudzagona? Mwana mukumufuna kapena ayi? Ena pamabenchi anagwedeza mitu, wina anati azimayi ena ngosayenera kubereka. Palibe anafunsa kuti mayi wa khanda la miyezi iwiri ankatani m'munda wa tiyi kuyambira mbandakucha mpaka madzulo. Chipatalacho chinali cha esiteti yomweyo, funso limenelo likanachokera kuti? Amayi anangozolika, akuti, "Ndalakwa, anesi, ndalakwa."

Mwanayo anamuika diripi pamutu, chifukwa m'mikono mitsempha sinkaoneka. Anachira. Ali moyo, ndi bambo wa ana awiri, amayendetsa kabaza pa Khonjeni, kumene tinasamukira kwa amalume a esiteti atatilanda nyumba ija mlungu womwewo. Nkhani iyi saidziwa.

Tsiku lachiwiri m'chipatalamo anayambanso kuyamwa. Amayi anakhala naye pakhonde, dzuwa likuwawomba m'miyendo, akumusisita kaphazi. Azimayi ena ankawalambalala. Ine ndinali nditasunga funso langa kuyambira dzulo lake, ndipo ndinawayandikira n'kunong'ona.

"Amayi, kani inunso mumathira madzi?"

Anandiyang'ana. Maso awo anali ofiira.

"Eya, ndimathira. Iwe unangoonjezera pang'ono."

Ine amene ndinkakhala pambali pawo m'mawa uliwonse, kuona ndi maso angawa mkaka ukuchoka m'bere kulowa m'kapu, kuchoka m'kapu kulowa m'botolo, popanda dontho la madzi, ndinakhulupirira. Mtima unapepuka. Ndinaganiza kuti basi, mlandu ndi wa amayi, ndiwo anayamba, ndipo mumtima ndinawadzudzulako pang'ono kuti munthu wamkulu sakanayenera kutero. Kenako ndinaona atsikana akusewera fulaye kuseri kwa khitchini ya chipatala, ndipo ndinapempha ngati ndingapite nawo.

"Pita," anatero amayi. "Kasewere."