Chala cha a Kuwabara

Tsiku lomwe adokotala anawaletsa kuyendetsa galimoto, a Shigeru Kuwabara sanalire. Analira mawa lake, atazindikira kuti mpunga wa kumanzere kwa mbale sanaukhudze n'komwe, chikhalirecho iwo ankayesa kuti amaliza kudya.

Vutoli linayamba pamene anagwa padenga akuchotsa chipale chofewa, mutu n'kumenya pamwala. Bala linapola, koma ubongo unaleka kulabadira za kumanzere. Maso ali bwinobwino, koma phewa n'kumagunda chitseko, ndevu n'kumeta tsaya limodzi.

Akazi awo, a Fumie, anali kunyumba yosungirako okalamba kuseri kwa phiri, akudwala matenda oiwala. Basi yopita kumeneko inaleka kalekale. Mwana wawo ankabwera mwa apo ndi apo kuchokera kumzinda wa Sendai. Pafoni namwino sanabise: "Bambo, mayiwa ayamba kufunsa kuti a pachithunzi chanuchi ndani."

Abale inu, kusungulumwa kumawawa! Nyumba yonse zii, munthu wamkulu n'kumacheza ndi ketulo.

Kuchipatala anawayesa pa makina oyeserera kuyendetsa, analephera. Patatha miyezi itatu anayesanso, n'kugunda wapanjinga wa pakanemapo.

"Akanakhala munthu weniweni bwenzi tili pamaliro," anatero mayi Onodera, amene ankawathandiza kuchira. "Sindisaina, kaya mundikwiyira."

Anakwiyadi. Koma atafika kunyumba anakumbukira zaka makumi atatu zomwe anayendetsa sitima yapamtunda. Kumeneko chizindikiro sungochiyang'ana ayi, umachiloza ndi chala n'kuchitchula mokweza. Chizolowezicho ankafika nacho mpaka kukhitchini, a Fumie n'kumawaseka.

Anayamba kukhala m'kalole kawo m'mawa uliwonse, injini osaliza. "Kumanja, kuli bwino! Kumanzere..." Chala chitsogole, khosi litsatire, maso afike. "Kuli bwino!" Pambale chimodzimodzi, pakhomo chimodzimodzi.

A Sugawara, oyandikana nawo nyumba, anasuzumira tsiku lina. "Achimwene, sitimayi ifika liti ku Tokyo?"

"Kwerani, malo alipo."

Sanakwere. Mudzi wonse unali kowoka mpunga, a Kuwabara n'kutsala okha ndi chala chawocho. Masiku ena mutu unkalemera, n'kutsika m'galimotomo misozi ili mbwee. Mawa lake ankakweranso.

Chaka chitatha anakayesedwa pamsewu weniweni, mayi Onodera ali pampando wakumbuyo. Adokotala anasaina, a ziphaso anavomera, koma ndi malamulo: masana okha, msewu wozolowereka, mukatopa imani.

Ulendo wa mphindi makumi anayi wopita kwa akazi awo unawatengera ola ndi theka. A Fumie anawayang'ana, n'kuwerama mwaulemu ngati alandira mlendo. Mumtima a Kuwabara anangoti, ndachedwa ine. Komabe anagwira chikuku cha akazi awo kuti akapitidwe mphepo panja. Pomwe makonde amakumana anaima, chala chinanyamuka chokha.

"Kumanzere, kuli bwino!"

Mayiwo anaphulika nako kuseka. "Abambo inu, chala chimenechi simunasiyebe? Muno si pasiteshoni!"

A Kuwabara anangogwada pambali pa chikukucho.

Inu amene lero mwakhala m'galimoto yosalira, musathamangire msewu, komanso musachite nayo manyazi. Mverani amene akukuuzani zoona ngakhale zikuwawa, ndipo mawa mukwerenso. Musataye mtima, kuseri kwa phiri wina akukudikirani.