Moto Ulipo, Si Choncho?

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene pampu yathu ya kudimba inakana kulira. Unali mwezi wa Okutobala, kwathu ku Zemba dzuwa likuswa mtengo, matimati athu atangoyamba maluwa. Matimati amenewo ndiwo ankatisunga mpaka chimanga chiche.

Atate sankaopa injini. Anakhala zaka zambiri ku Kariba akukonza tinjinga tamoto tothamanga pamadzi timene alendo amaseweretsa, ndipo ife, kwathu kopanda ngakhale bwato, nkhani zimenezo tinazimva mpaka kutopa nazo. Ankati injini iliyonse imafuna mafuta, mpweya ndi moto, ndipo wodziwa ntchito amayamba wafufuza moto. Chimene sankanena n'chakuti anabwerera kumudzi chifukwa maso awo anayamba kuchita nkhungu. Tonse tinkadziwa, koma palibe ankatchula.

M'mawa umenewo anamasula pulagi, kachitsulo koyatsa moto mu injini, naibwezera m'kachisoti kake ka mphira, nandiuza kuti ndiigunditse pachitsulo cha injini. Chipewa chawo anachiika pamwamba kuti pakhale mthunzi.

"Uyang'anitsitse kunsongako," anatero. "Ndikakoka chingwe, pathetheke kamoto kabuluu."

Anakoka katatu. Ine sindinaone kanthu.

"Wauona? Moto ulipo, si choncho?"

"Eee, atate."

Sikuti ndinkafuna kunama ayi. Kwathu mtsikana ankaleredwa kuti wamkulu akati "si choncho?" iwe uvomere, maso ali pansi. Pulagiyo anali ataipala okha, mpata wa kunsonga kwake atauyesa okha ndi lumo. Kunena kuti moto palibe ndinaona ngati kuwauza kuti manja awonso atha ntchito.

Atate anandikhulupirira, nkhani ya moto anaisiya. Anamasula kabuleta, mosakanizira mafuta ndi mpweya, tizitsulo take tonse anatiyala pathumba n'kumatitsuka ndi petulo, akutipapasa kamodzikamodzi. Mawa lake anapalasa njinga mpaka kuboma ku Chadiza kukagula kasefa katsopano. Anakoka chingwe chija mpaka phewa linatupa. Amayi ndi ine tinkatunga madzi ndi ndowa kumtsinje, khosi likuwawa, koma mizere ya kumtunda sitinkaifika, ndipo maluwa anayamba kuyoyoka. Tsiku lililonse ndinkati ndinena lero, koma likadutsa, mawuwo ankalemera kuposa dzulo lake.

Tsiku lachitatu masana atate anakhala pansi pambali pa injini. Kenaka anandiitana. Anachotsa kachisoti kaja, nagwira nsonga ya waya wa pulagi ndi zala zawo, dzanja linalo ali nalo pachitsulo.

"Koka chingwe."

Ndinkadziwa kuti moto wa injini ukakugwira umagwedeza mkono mpaka m'chigongono. Anatiuzapo kambirimbiri.

"Atate, ukugwirani."

"Ndati koka."

Ndinakoka. Sanaphethire n'komwe. Ndinakokanso, iwo ali phee.

"Muno mulibe moto," anatero. "Tsiku lija unalipo?"

"Ayi, atate."

Ndinayembekeza mkwapulo, ndipo kunena zoona ndinkaufuna. Iwo anangoyamba kutsata mawaya ndi zala mpaka anapeza kawaya kopita ku switchi yozimitsira, makoswe atakatafuna, kakukhudza chitsulo n'kumaba moto wonse. Anakakulunga ndi kamphira ka chubu cha njinga. Sizinatenge ndi nthawi yomwera tiyi. Atakoka kamodzi, injini inalira, madzi nayamba kuyenda m'mizere, koma theka la matimati linali litapita kale.

Tikubwerera kunyumba anayankhula osatembenuka, ndi mawu a munthu wotopa.

"Mwanawe, ine ndinakupempha maso, iwe unandipatsa ulemu. Ulemu ndili nawo wokwanira. Injini siudziwa ulemu."

Chaka chimenecho chimanga cha m'nkhokwe chinatithera mvula isanafike pakati, ndipo palibe anandiloza chala. Zimenezo n'zimene zinandipweteka kwambiri.

Tsopano ndine mayi wa ana atatu, ndipo ndikuona kuti "eee" wanga uja ankateteza ine, osati atate. Munthu ukamubisira pamene pafa, amataya mphamvu zake kukonza pamene pali bwino.

Mwezi watha ndinapita nawo pa minibasi kuchipatala ku Chipata. Adokotala atawaunika m'maso anandiitanira pambali n'kundiuza kuti mitsempha inafa, opaleshoni singathandize. Tili panja kudikira galimoto yobwerera, fumbi likutilowa m'kamwa, atate anatembenukira kumene ankamva kupuma kwanga.

"Akuti ndibwerenso adzandichite opaleshoni, ndidzaona, si choncho?"

"Eee" anali atafika kale palilime. Ndinawagwira dzanja, zala zomwe zija zinagwira waya.

"Ayi, atate. Akuti moto mulibe."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Chabwino," anatero. "Ndiye tisavutikenso kumasula zina. Tiye kwathu."