Madzi a Sopo M'mabuleki

Mwana wanga wachiwiri anayamba kukomoka ali kumsana, ine ndikuyanika zovala kuseri kwa nyumba. Ndinangomva thupi lake lauma gwa, timiyendo tikundigunda m'nthiti. Nditamutsitsa, maso anali atatembenuzika, thovu lili kukamwa. Anali mtsikana wa zaka zitatu. Malungo anali atamugwira sabata yomweyo, ndipo mankhwala onse amene ndinkamumwetsa ankangowasanza.

Nthawi imeneyo tinkakhala m'nyumba za ogwira ntchito za nkhalango, m'mphepete mwa nkhalango ya Mughese, kumapiri a Misuku. Ife kwathu ndi ku Ntcheu, koma bambo a ana anatumizidwa kumeneko ngati kalaliki. Chinenero cha komweko sindinkachimva, ndipo Chitumbuka ndinkangodziwa cha moni ndi kuthokoza. Tsikulo amuna anga kunalibe. Ku Karonga kunali msonkhano waukulu wa chipani, ndipo galimoto iliyonse yoyenda bwino inatengedwa kukanyamula amayi ovina. Ya ku ofesi kwawo inapita, iwonso anawauza kuti aperekeze. Masiku amenewo munthu sunkafunsa chifukwa.

Ndinathamangira ku kachipatala kakufupi, wopanda nsapato. Bambo amene ankagwira ntchito pamenepo anamuyang'ana mwanayo, namutsegula chikope, kenaka anandiyang'ana ine.

"Mayi, malungowa akwera kumutu. Mankhwala ake ine ndilibe. Pezani galimoto mupite ku Boma lero lomwe."

"Galimoto ndiipeza kuti, bambo?"

Anangondibwezera mwana m'manja.

Pamalo athu panatsala pikapu imodzi yakale, imene inkangokhala pansi pa chisakasa. Inasiyidwa chifukwa inalibe mabuleki. Dalaivala wake anali mkulu wa komweko, waimvi, wamfupi, wosakonda kulankhula. Ndinakamupeza m'munda wake wa khofi akudulira. Ndinagwada m'matope, ndikumuonetsa mwana.

"Amama, dzukani," iye anatero m'Chichewa chake chosakaniza. "Galimoto yila injini ili makola, ilibe vuto. Koma buleki palibe. Mafuta ake anatayika onse. Tinapempha kale, sanabwere. Msewu wotsika mukuudziwa."

Ndinkaudziwa. Umakhotakhota m'mphepete mwa phiri, mbali ina khoma ladothi, mbali ina phompho loti nthochi za pansi zimaoneka ngati udzu.

"Adada, ngati n'kufa tikafere panjira. Pano ndiye afa ndikumuonerera."

Anaika chikwanje pansi. Kenaka anati, "Sopo wa ufa muli naye?"

Ndinkayesa sindinamve bwino. Anabwereza. Ndinathamangira kunyumba, ndinatenga paketi yomwe ndinkachapira m'mawa uja, ketulo ya madzi ofunda ndi bulangeti. Mwana wamkulu ndinamusiya kwa mayi oyandikana nawo, osawauza n'komwe kumene ndikupita.

Nditafika pachisakasa, mkuluyo anali atagona kale pansi pa galimoto. Anapeza pamene pankadontha: kapaipi kopita ku tayala lakumbuyo kanali katang'ambika. Anakapinda, nakasula ndi hamala mpaka kuphwatalala kuti pasadutse kanthu. Atatuluka anasungunula sopo m'ketulo, namusefa pa mpango wanga wakumutu, n'kuthira madziwo m'kabotolo ka mafuta a mabuleki pansi pa boneti.

"Izi sizoyenera, amama," iye anati. "Zimaononga. Koma zimagwira pang'ono. Tsopano mukhale pampando wanga. M'mapaipi muli mphepo, tiichotse."

Ine ndinali ndisanakhalepo kumbuyo kwa chiwongolero chibadwire. Ndinagoneka mwana pampando wapambali, ndinakwera. Anandigwira phazi ndi dzanja lake lamafuta, naliika pa chopondera chapakati.

"Ndikati popani, mupondeponde. Ndikati gwirani, mupondereze, musasiye ngakhale chitsike. Mukasiya, mphepo ibwerera."

Analowanso pansi ndi sipanala.

"Popani!"

Ndinaponda. Chopondera chinangogwera pansi ngati ndaponda phala. Ndinapondanso, ndi kupondanso.

"Gwirani!"

Ndinamva kufwenthera pansi paja, phazi langa n'kumira. Nthawi yomweyo mwana anayambanso kukomoka. Mutu wake unkagunda chitseko, dzanja likupalasa m'mwamba. Thupi langa lonse linkafuna kumunyamula. Ndinatambasula mkono, koma ndinangofikira kamwendo kake.

"Musasiye, amama! Musasiye!"

Sindinasiye. Ndinagwira kamwendoko ndi dzanja limodzi, lina lili pachiwongolero, phazi litakanikiza chitsulo, ndikulira mokweza ngati pamaliro. Tinazungulira matayala otsalawo motero, iye akufuula ali pansi, ine ndikuponda, iye akutuluka kukawonjezera madzi. Ndinkaona ngati dzuwa likuthamanga dala. Potsiriza chopondera chija chinalimba pansi pa phazi langa, chinayamba kukana.

Tinanyamula ketulo, botolo lina la madzi a sopo, ndi mwala waukulu umene mkuluyo anauika pa mapazi anga.

"Ndikakuuzani, mutsike luwiro, muike mwalawu kutsogolo kwa tayala."

Tinanyamuka dzuwa litapendeka pang'ono. Anayendetsa pa giya yoyamba, injini ikulira ngati ikuphedwa. Buleki ankangoikhudza pamakona pokha. Mwana anali pamiyendo panga, wotentha ngati mbaula, wosatsegula maso. Ndinkaika khutu pamphuno pake kawirikawiri. Ndinayesa kupemphera, koma mawu amene ankatuluka anali amodzimodzi: musanditengere, musanditengere.

Titatsika ndithu, ndinamva fungo lachilendo, la sopo wopsa. Ndinaona mwendo wa mkuluyo ukupopa msangamsanga. Nkhope yake sinasinthe, koma thukuta linkatsika m'khosi.

"Madzi abwata," anatero. "Gwirani mwana."

Kutsogolo kunali kona, kuseri kwake kulibe kanthu koma mlengalenga. Anakoka handibuleki, galimoto inangofwenkha osaima. Ndiye anaikhotetsera kukhoma. Mbali yanga inakhula dothi, nthambi zikuthyoka, galasi lapambali n'kuzuka. Tinagwedezeka, mutu wanga unagunda chitsulo, ndipo galimoto inaima itapendekeka, injini itazima.

"Mwala!"

Chitseko changa chinali chitatsekedwa ndi khoma. Ndinamupatsa mwana, ndinadutsa pamiyendo pake ndi mwala uja, ndinakauponya pansi pa tayala. Kenaka ndinakhala pansi pamsewu. Magazi ankatsika pachipumi, koma sindinkamva kupweteka.

Tinayenera kudikira kuti zitsulo zizizire. Kudikira kumeneko ndi kumene sindidzakuiwala. Mwana ali chigonere pabulangeti m'mphepete mwa msewu, kupuma kwake kukumveka kokokera, ife tikungoyang'ana matayala akufuka nthunzi. Ndinamukalipira mkuluyo. Ndinati tiyeni, tingopita choncho. Iye anati, "Tikapita choncho, tifika tonse atatu m'chigwa umo." Ndinanyamula mwana kuti ndiyambe wapansi. Ndinayenda pang'ono, ndinaona kutalika kwa msewu kumunsiko, ndinabwerera.

Amayi awiri osenza nthochi anatipeza pamenepo. Sitinkamvana chinenero, koma atamuona mwana anatula mitolo yawo. Wina anathamangira kukasupe ndi ketulo, wina ananyowetsa chitenje chake n'kumamupukuta mwanayo, akung'ung'udza kanyimbo. Madzi ena tinathira pa matayala. Kenaka ndinakweranso pampando uja, tinayambiranso: popani, gwirani, musasiye. Amayi aja anatithandiza kukankha galimoto kuti ichoke pakhoma, ndipo titalizanso injini anatsala ataima pamsewu, manja ali pamutu.

Kumunsi msewu unayamba kugona. Tisanafike ku Boma tinapeza anyamata a chipani atapingasa mtengo pamsewu, akufunsa makhadi. Langa ndinali nditalisiya kunyumba. Mmodzi anasuzumira pawindo, anaona magazi kumaso kwanga ndi mwana ali lende. Anayang'ana anzake, mtengo uja n'kuchotsedwa.

Pachipatala anamwino anandilanda mwana pakhomo pomwe. Anavutika kupeza mtsempha, mpaka anamubaya pamutu, atamumeta pang'ono. Wina anandisoka pachipumi ndili chiimire, maso anga ali pabedi. Palibe amene anandilonjeza kanthu.

Mwana anali chigonere osadziwa kanthu pamene amuna anga anafika kuchokera ku Karonga, fumbi lili m'tsitsi, atamva uthenga panjira. Mkulu uja sanabwerere kumapiri. Ankagona m'galimoto kuseri kwa chipatala. Anakapeza botolo la mafuta enieni kwa amalonda ochokera ku Tanzania, ndipo amuna anga ndiwo anamupopera pamene ankatsuka sopo yense m'mapaipi ndi kusintha timalabala ta mabuleki tomwe tinali titafufuma. Kuntchito anamufunsa za galasi ndi chitseko chophwanyika. Zimene anawayankha sanatiuze.

Mwana anatsegula maso m'mawa wina ndikumupukuta kukamwa. Anandiyang'ana nthawi yaitali ngati akundiyesa mlendo. Kenaka anati akufuna tiyi. Khutu lake lamanzere silinamvenso kuyambira pamenepo, ndipo kuyenda anachita kuphunziranso, akugwira m'mabedi a m'chipindamo, odwala anzake akumuwombera m'manja.