Tsiku limene makina osokera anapita ku Boma

Kusoka ndinaphunzira ku mishoni, ndipo nditabwerera kwathu ku esiteti, atsibweni anga, alongo awo a amayi, anandipatsa makina opukusa ndi dzanja amene anabwera nawo kuchokera ku migodi. Ndinkafuna kumasoka pakhonde pathu. Akapitawo a pa esitetipo anavomera, koma anati popanda chiphaso cha ku Boma andilemba m'gulu la othyola tiyi mvula ikangoyamba.

Atsibweni anali ndi njinga, ndiye za ziphaso ankati akuzidziwa.

"Njinga yanga anaiona ndi maso, n'kuimangirira kachitsulo ka chiphaso," iwo anatero. "Makinawanso ayenera kukaonekera. Senza, mphwanga."

Sindinkatha kutsutsa akulu. Ndinapota nkhata, n'kusenza. Tinadutsa m'minda ya tiyi mame asanaume, amayi othyola akutikuwiza.

"Atelala! Mwathawa ntchito musanaiyambe?"

Tinafika ku Boma khosi langa litauma gwa. Akalaliki, bambo wonenepa wa magalasi, anayang'ana makinawo, kenako ine.

"Kodi awa abwera kudzadandaula chiyani?"

"Abwera kudzalandira kachitsulo, bwana," anayankha atsibweni.

Akalaliki anaseka mpaka kuvula magalasi. Anati chiphaso ndi cha munthu ndi khonde lake, makina akanatsala kunyumba. Ine ndinangozyolika. Kenako anandifunsa ngati kamnyamata kosayankhula ngati ine kangasokedi, poti ena amatenga chiphaso cha utelala n'kumakagulitsa mowa. Ndinangoloza thumba la jekete lawo, limene linali lendelende.

Anavula jeketelo. Ndinakhala pansi pakhonde la ofesi, n'kuyamba kusoka thumbalo, ndipo makina atangoyamba kulira mtima unakhala m'malo. Pomaliza ndinapeza mesinjala ataima pambali ndi kabudula wong'ambika, kumbuyo kwake mayi wina atagwira malaya a mwana.

Akalaliki anakoka thumba lija kawiri, silinasosoke. Analowa, ndinamva chidindo chikugunda, n'kutuluka ndi pepala.

"Apa palembedwa pakhonde panu, achimwene, osati pa khonde la Boma. Nyamulani sitolo yanu musanandimangitse!"

Pobwerera makina anasenza ndi atsibweni, akuimba njira yonse. Kabudula wa mesinjala ndinabwera naye, ndipo ndiye amene ndinayamba kusoka pakhonde pathu m'mawa mwake, amayi akuuza aliyense wodutsa kuti makina athu anakaonana ndi Boma.