Ndinakhulupirira Buku la Kusikelo Kuposa Mkazi Wanga

Inu owerenga, cholakwa changa n'chakuti mkazi wanga anandiuza kambirimbiri kuti mwana wathu akufunika kuonedwa ndi madokotala, koma ine ndinkamuyankha ndi sukulu yanga. Lero mkaziyo kulibe, ndipo mwanayo sakhala ndi ine.

Ndine mlangizi wa zaulimi ku Mwanza boma. Nditangomaliza kukoleji ndinakwatira Lusiya, wa kumudzi wina kufupi ndi Thambani. Iye sukulu analekeza Fomu 2 ndipo ankagulitsa manachesi pamsika. Mwana wathu Yamikani anabadwa wathanzi, anayamwa bwino, anayenda pa nthawi yake.

Lusiya anayamba kuda nkhawa mwanayo atakwanitsa chaka ndi theka. Ankati ukamuitana sacheuka, chonsecho si wogontha, chifukwa pepala la bisiketi likangolira kuseri kwa chitseko amathamangirako. Ankati sakuyang'ana m'maso, saloza kanthu ndi chala, ndipo akafuna madzi amangokugwira dzanja n'kulikokera ku ndowa. Ana a anzathu akamasewera pabwalo, iye ankakhala pakhonde kundandalika zitsekerero za mabotolo, zofiira pazokha, zobiriwira pazokha. Wina akasuntha chimodzi ankalira mpaka kudzimenyetsa mutu pansi.

Lusiya akayamba nkhaniyi, ine ndinkatenga buku la kusikelo. M'bukumo muli mzere umene amalemba akamuyeza mwana kulemera kwake, ndipo wa Yamikani unkakwera bwino mwezi ndi mwezi. Ndinkamulozera mzerewo ndi cholembera, monga ndimachitira ndi alimi, n'kumuuza kuti mwana wodwala sakula chonchi. Ndinkawonjezera kuti ana aamuna amachedwa kulankhula. Sindinamukalipirepo ngakhale tsiku limodzi. Ndinkangomufotokozera modekha mpaka akhale chete.

Mwanayo ali ndi zaka ziwiri ndi theka, Lusiya anapita naye yekha kuchipatala osandiuza. Anabwerako ndi kalata yotitumiza ku Blantyre kwa akatswiri a ana. Ndinaiwerenga n'kunena kuti tipita ntchito ikachepa. Ntchito itachepa ndinati tipita mvula ikatha. Lusiya anaipinda kalatayo n'kunena kuti, "Bambo a Yami, inu mumaona mzere. Ine ndimakhala naye tsiku lonse."

Chifukwa chenicheni sichinali ntchito kapena mvula. Ndinali nditangogula njinga yamoto, ndipo kumudzi kwawo kwa Lusiya kunayamba manong'onong'o akuti mwina ndinakhwimira mwanayo. Kupita naye ku Blantyre ndinkakuona ngati kuvomera kuti palidi china chake. Amalume ake a Lusiya, a Magombo, atabwera kudzationa n'kufunsa mosamala ngati mwana ali bwinobwino, ndinawayankha pamaso pa onse kuti alibe vuto lililonse. Nawonso ndinawaonetsa buku lija.

Lusiya anasiya kundipempha. Anayamba kumuphunzira yekha mwanayo. Ankadziwa kapu imene amamwera, njira yokhayo imene amalola kudzera popita kumsika, ndi phokoso limene limamuopsa. Anamuphunzitsa mawu atatu: madzi, tiye, mama. Akayamba kulira kuja kodzimenyetsa, ankamugwira dzanja n'kumamugogoda m'chikhatho ndi zala, uku akuimba chapansipansi osatsegula pakamwa, ndipo mwanayo ankatonthola. Ine ndinkaona zimenezi ndili pampando, foni ili m'manja. Ndinkati ndi za amayi ndi mwana wawo.

Yamikani ali ndi zaka zinayi, Lusiya anadwala malungo aakulu. Anagona m'chipatala masiku atatu. Sindinenapo zambiri.

Maliro anali kwawo. Anthu, nyimbo ndi kulira zinamuchulukira mwanayo, ndipo anagwa pansi n'kuyamba kudzimenyetsa. Ndinamunyamula, anandiluma. Ndinamugwira dzanja n'kugogoda m'chikhatho, koma sindinkadziwa kagogodedwe kake. Analira mpaka mawu anamuthera, mudzi wonse ukuona.

Patapita mwezi, akuchikazi anandiitana kukandisudzula, mwambo womasula mwamuna amene mkazi wake wamwalira. Kwawoko ana amakhala a kuchikazi, ndipo anali atagwirizana kale kuti Yamikani akhale ndi Efrida, mkulu wake wa Lusiya. Ndinapempha kuti mwanayo ndimutenge. Kwa nthawi yoyamba ndinanena ndi pakamwa panga kuti ali ndi vuto, ndipo akufunika kukhala pafupi ndi chipatala. A Magombo anandimvetsera mpaka kumaliza, kenako anati, "Akamwini, si inu nomwe munatiuza kuti mwanayu alibe vuto? Ngati alibe, akhala ndi amayi ake aakulu monga ana ena onse. Komanso pamaliro paja tonse tinaona."

Sanalankhule mwaukali. Ndimadziwa kuti malamulo akanatha kundithandiza, koma ndikanakanena chiyani, munthu wosadziwa ngakhale kapu imene mwana wake amamwera?

Alamu anga a Efrida si munthu wankhanza. Ali ndi ana awo anayi ndi munda woti alime. Koma patatha miyezi yochepa Yamikani anaonda, ndipo mawu atatu aja anasowa. Anayamba kudziluma dzanja mpaka kutuluka mabala. Chifukwa ankangochoka kulowera kumtsinje, iwo akamapita kumunda ankamutsekera m'nyumba. Tsiku limene ndinamupeza atatsekeredwa, nditabwerera kuboma ndinatsegula buku la kusikelo lija. Kalata ya ku Blantyre inali momwemo, yopindidwa bwino, pa tsamba la mzere uja.

Ndinawapempha alamu kuti tipite naye limodzi ku Blantyre, ndipo anavomera. Dokotala anali mayi wodekha. Anamuyang'anira mwanayo kwa nthawi yaitali akuzunguliza tayala la kagalimoto koseweretsa, kenako anati kuti adziwe bwino afunika kumva mmene anakulira. Anafunsa kuti anasiya liti kucheuka akamuitana. Anafunsa ngati anali ndi mawu ena kale amene anadzawasiya, zakudya zimene amakana, zinthu zimene zimamuopsa, ndi mmene timamutontholetsera. Funso lililonse alamu ankayang'ana ine. Ine ndinkayang'ana pansi. Pomaliza ndinangopereka buku lija. Mzerewo sanauyang'ane n'komwe. Anawerenga kalatayo, mmene munali zonse zimene Lusiya anafotokoza kuchipatala tsiku lija, ndipo anayang'ana tsiku limene inalembedwa.

"Amayi ake anaona bwino," anatero.

Anatiuza kuti vutoli amalitchula kuti otizimu. Anati si ufiti, si kukhwimira, ndipo si chifukwa cha kaleredwe. Mwana amabadwa ubongo wake ukulandira zinthu mosiyana ndi anzake. Mankhwala ochotsera palibe, koma mwana akadziwika msanga n'kuyamba kuphunzitsidwa akadali wamng'ono, amatha kuphunzira zambiri za kulankhula, kudzisamalira ndi kukhala ndi anthu. Anati mpata ukadalipo. Sananene kuti ndinataya zaka, koma kalata inali patebulo pakati pathu.

Anatipatsa zoti tizichita naye tsiku ndi tsiku. Ine ndimamuona Loweruka lokha. Alamu amayesetsa akapeza mpata, ndipo za kuti mwanayo abwere kuboma akuchikazi akuti akadakambirana. Sindingawadzudzule. Mawu amene akugwiritsa ntchito ndi anga.

Inu owerenga, makamaka abambo anzanga amene munapita kusukulu, sikelo imayeza thupi lokha. Mwana akapanda kucheuka mukamuitana, akapanda kuloza kapena kukuyang'anani, akasiya mawu amene anali nawo, pitani naye kuchipatala mukanene zimenezo, ndipo akakupatsani kalata musaidikiritse mvula. Musaope zonena za anthu, chifukwa anthuwo adzanenabe. Amene amakhala ndi mwana tsiku lonse akakuuzani kuti pali china chake, mumvereni ngakhale sanafike kumene munafika inu. Ndipo chilichonse chimene amachita pomusamalira, khalani naye pansi akuphunzitseni akadalipo.

Loweruka lililonse ndimakhala pakhonde la alamu anga n'kumugwira dzanja Yamikani. Ndayesa kugogoda ndi zala ziwiri, ndayesa ndi zitatu, mofulumira ndi pang'onopang'ono. Nyimbo ija sindikuikumbuka. Amandilola kwa kanthawi, kenako amachotsa dzanja lake n'kulibisa m'khwapa. Woti ndimufunse palibe.